Ziweto zinachoka koma chifuwa sichikutha: zoyenera kudziwa musanalowe m'nyumba yomwe munkagona ziweto

Kukolola kukatha, anthu ambiri m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amasamuka. Wina wagulitsa fodya kapena mbatatesi ndipo wapeza nyumba ya lendi ku Ulónguè kuti ana ayandikire sukulu. Wina wakwatira ndipo akukalowa nyumba ya kuchikamwini. Mphunzitsi kapena namwino wasinthidwa malo a ntchito, wapatsidwa nyumba yomwe mnzake watulukamo posachedwa. Enanso akubwerera kuchokera ku Dedza kapena ku Ntcheu kudzakhala m'nyumba ya makolo, yomwe kwa zaka zingapo munkagona nkhuku ndi mbuzi.

Ambiri amalowa, kuyala mphasa, n'kugona tulo tabwino. Koma alipo ena amene masiku oyamba omwewo amayamba kuyetsemula kosalekeza, maso amafiira ndi kuyabwa, ndipo usiku mwana amabanika, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu. Mukayang'ana m'nyumbamo mulibe mphaka, mulibe galu, mulibe nkhuku. Zikatere, mawu sachedwa kutuluka m'mudzi: ena amati nyumbayo inatcheredwa, ena amati amene ankakhalamo anasiya mankhwala, mwinanso apongozi ayamba kukayikiridwa. Mabanja amayambana, ndalama za lendi zimapita pachabe, ndipo wodwalayo amachedwa kufika kuchipatala.

Nthawi zambiri chifukwa chake n'chodziwika bwino kwa azaumoyo. Chiweto chimachoka tsiku limodzi, koma zomwe chinasiya m'fumbi, m'makoma, kudenga ndi m'zogonera zimatha miyezi. Ntchito yaikulu yoteteza munthu wotere iyenera kugwiridwa nyumba ikadali yopanda katundu, iyeyo asanalowemo.

Kodi alergia n'chiyani?

Kuchipatala vutoli amalitchula kuti alergia. Pachichewa timangoti thupi la munthu likudana ndi chinthu chakutichakuti, ndipo zikatulukira pakhungu timati ziwengo.

Thupi lili ndi asilikali ake amene amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa anthu ena asilikaliwa amalakwitsa: amaona chinthu chosaopsa, monga fumbi lochokera kwa mphaka, ngati mdani. Akakumana nacho amatulutsa mankhwala ena a m'thupi, odziwika kwambiri ndi histamina, amene amatupitsa m'mphuno, kuyabwitsa maso ndi khungu, ndi kuchulukitsa mamina. Mwa munthu wa mphumu, imene kuchipatala amati asma, tinjira ta mpweya ta m'mapapo timatupa ndi kufinyika, choncho mpweya umadutsa movutikira.

Vutoli limakonda kuyenda m'magazi: makolo akakhala nalo, ana enanso amakhala nalo. Silipatsirana ngati chimfine. N'chifukwa chake m'nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi mutha kudwala mmodzi yekha, ena onse ali bwinobwino. Zimenezi sizisonyeza kuti munthuyo walodzedwa kapena kuti akuchita ulesi. Komanso mphumu si matenda ocheza nawo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka kumene mankhwala ake safika kwa aliyense.

Gwero lake si ubweya wokha

Anthu ambiri amaganiza kuti ukasesa ubweya ndi nthenga ndiye kuti wathana nazo. Chimene chimadwalitsa kwenikweni ndi tinthu tosaoneka ndi maso tochokera m'malovu, m'mikodzo ndi pakhungu la nyama. Ubweya umangotinyamula.

Kwa mphaka, kanthu kameneka akatswiri anakapatsa dzina loti Fel d 1. Kamapangidwa pakhungu ndi m'malovu. Mphaka akamadzinyambita amakapaka thupi lonse, kenaka kamauma ndi kuyoyoka pamodzi ndi tizidutswa ta khungu tonga mfundu. N'kopepuka kwambiri moti kamakhala kakuuluka mumpweya kwa maola ambiri, komanso n'komata: kamakakamira ku makoma, ku zovala ndi ku mabulangete. Ofufuza amakapeza ngakhale m'makalasi a sukulu momwe simunalowepo mphaka, katabwera pa zovala za ana.

Kwa galu, kanthu kofanana nako kamapezeka kwambiri m'malovu ndi pakhungu. Kwa mbira, mbewa ndi makoswe, mikodzo ndiyo imavuta kwambiri: ikauma pansi imasanduka fumbi lomwe timapuma. Apa tikumbukire kuti m'makomo ambiri mbira zimawetedwa m'khitchini momwe, ndipo mikodzo yake imalowerera m'dothi la pansi kwa zaka. Chiweto cha ubweya waufupi chimasiya tinthu timeneti mofanana ndi cha ubweya wautali.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti zithe?

Kafukufuku wina wa ku Baltimore, m'dziko la America, amene anasindikizidwa mu 1989, anatsatira nyumba 15 zomwe amphaka anali atachotsedwamo. Patatha masabata 20 mpaka 24, ndiye kuti miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nyumba 8 zokha ndi zomwe fumbi lake linali litafanana ndi la nyumba zopanda mphaka. M'nyumba ziwiri momwe eni ake anayeretsa mwamphamvu, fumbi la mphakalo linatsika msanga kwambiri. Kafukufuku wina anasonyeza kuti m'matiresi limatha kukhala kwa zaka.

Nyumba za kumeneko zimakhala ndi makapeti ndi mipando ya thonje, zomwe zimasunga fumbi. Zathu kuno zambiri zilibe makapeti, ndipo umenewu ndi mwayi. Koma tili ndi malo athu osungira fumbi: denga la udzu, mapaso, pamwamba pa zipupa, ming'alu ya makoma osapaka pulasitala, pansi pozira, mphasa zakale, masaka ndi matiresi a siponji. Kuwonjezera apo, m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri kuno kumazizira kwambiri. Timatseka mazenera ndi zitseko, timasonkha moto m'nyumba, ndipo utsi umapweteka njira za mpweya zomwe zatupa kale. N'chifukwa chake anthu osamuka nthawi ya chisanu ndi amene amavutika kwambiri.

Phunziro lake ndi ili: kudikirira kokha n'kochedwa, koma kuyeretsa koyenera kumafupikitsa nthawiyo.

Nyumba yomwe munkagona nkhuku kapena nkhunda

Chifukwa choopa akuba ndi afisi, mabanja ambiri amagoneka nkhuku, abakha, ngakhale ana a mbuzi m'chipinda china cha nyumba yogona. Ena amamanga khola la nkhunda kukhoma kapena pansi pa denga. Nyumba yotere ili ndi zoopsa zinanso zoposa kuyetsemula.

Fumbi la zitosi zouma ndi la nthenga likamapumidwa kawirikawiri limatha kutupitsa mapapo enieniwo. Matenda amenewa amadziwika bwino pakati pa oweta nkhunda. Chizindikiro chake n'chakuti munthu sadwala nthawi yomweyo. Pamapita maola 4 mpaka 8 atasesa kapena atakhala m'fumbilo, kenaka amayamba kutentha thupi, kunjenjemera, kukhosomola ndi kubanika, moti amaganiza kuti ndi malungo. Akachoka pamalopo kwa masiku angapo amapeza bwino, akabwerera zimayambiranso. Zikapitirira kwa zaka, mapapo amatha kuwonongeka osachiranso.

M'zitosi zakale za nkhunda mumameranso kachuku kotchedwa Cryptococcus. Kwa munthu wa chitetezo chokwanira nthawi zambiri sikachita kanthu, koma kwa amene chitetezo chake chatsika, makamaka amene ali ndi HIV ndipo sanayambe kumwa mankhwala kapena anasiya, kamatha kuyambitsa matenda oumitsa khosi amene amapha. Munthu wotere asagwire n'komwe ntchito yochotsa zitosi za nkhunda, za nkhuku kapena za mileme.

Kuyabwa kwina ndi kulumidwa

Si kuyabwa konse kumene kuli alergia ya chiweto. Nyumba yomwe munali ziweto imasiyanso tizilombo ta njala.

Nthata za agalu ndi amphaka zimaikira mazira amene amagwera pansi. Ana ake amakulira m'fumbi, n'kudzikulunga m'tizikwa momwe amatha kudikira miyezi ingapo. Akamva kugwedezeka kwa mapazi ndi kutentha kwa thupi amatuluka onse pamodzi. N'chifukwa chake nyumba yomwe inakhala yotseka imatha kulandira alendo ndi nthata zambirimbiri tsiku loyamba. Zimaluma kwambiri m'miyendo, chakumapazi.

Utitiri wa nkhuku umabisala m'ming'alu masana n'kumatuluka usiku, ndipo mtundu wina umatha miyezi yambiri osadya. Nkhufi nazo zimabisala m'ming'alu ya pansi ndi ya makoma, zimakhala nthawi yaitali kwambiri popanda magazi, ndipo zimafalitsa matenda otentha thupi amene amapita n'kumabwerera. M'dothi louma momwe munkagona nkhumba kapena agalu mumakhalanso matekenya.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Kulumidwa kumagwira pafupifupi aliyense wa m'nyumbamo ndipo kumasiya timadontho tooneka. Alergia imasankha munthu, ndipo kawirikawiri imabwera ndi kuyetsemula, mamina oyera ngati madzi ndi maso oyabwa. Chimfine wamba chimatha pa sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo chimayenda kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Alergia sitenthetsa thupi, ndipo imapitirira malinga ngati munthuyo akugona m'nyumbamo.

Musanapereke ndalama, funsani ndi kuona nokha

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanalipire lendi kapena musananyamule katundu, funsani mwini nyumba ndi oyandikana nayo: munkakhala ziweto zanji, zinkagona chipinda chiti, zinachoka liti? Palibe chamanyazi pofunsa zimenezi, ngakhale kwa apongozi. Afotokozereni mwaulemu kuti mwana kapena mayi wa kunyumba ali ndi chifuwa chobanika.

Kenaka yenderani nyumbayo masana. Nunkhizani m'makona ngati mukumveka mikodzo. Yang'anani pamwamba pa zipupa ndi pa mapaso ngati pali zitosi, nthenga kapena manyi a makoswe. Onani ngati makoma ali ndi madontho akuda a chinyontho ndi chuku, pakuti chuku ndi mphemvu nazonso zimautsa mphumu. Werengani mazenera, ndipo muone ngati amatseguka.

Ngati vuto la munthuyo ndi la mphuno ndi maso okha, atha kukhala m'nyumbamo ola limodzi kapena awiri kuti aone mmene thupi lichitire. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba pasanathe theka la ola, koma zina zimabwera patapita maola angapo, choncho aonenso usiku wake. Munthu amene anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha mphumu asayese zimenezi nyumba isanakonzedwe.

Ngati pali nyumba ziwiri zoti musankhepo, ya simenti pansi, ya makoma opaka pulasitala ndi ya mazenera oyang'anizana ndiyo yosavuta kuyeretsa. Ngati ndi ya lendi, gwirizanani ndi mwini wake kuti akupatseni masiku okonza musanalowe, komanso kuti ndani agule njereza ndi simenti. Mgwirizano wotere ndi bwino kuupanga pamaso pa mboni, monga a nyakwawa kapena mlembi wa bairro, kuti pasadzakhale kukangana pambuyo pake.

Kakonzedwe ka nyumba

Malamulo akuluakulu ndi atatu. Woyeretsa asakhale amene amadwalayo. Yambirani kudenga kutsikira pansi. Gwiritsani ntchito madzi, osasesa pouma. Tsache louma limangoulutsa fumbi lomwe linali litakhazikika, ndipo limadzateranso pa zogonera usiku.

Choyamba, tsegulani zitseko ndi mazenera onse. Woyeretsa aphimbe mphuno ndi pakamwa, avale zovala zomwe adzachape tsiku lomwelo. Nsalu wamba imatchinga fumbi lalikulu lokha. Pochotsa zitosi zambiri ndi bwino kupeza masiki yolimba ngati ija amavala azaumoyo, yolembedwa N95.

Chachiwiri, tulutsani zonse zotsala za amene ankakhalamo: mphasa, masaka, sanza, zisa za nkhuku, makatoni ndi makatani. Zopanda ntchito zikwirireni kapena zitentheni kutali ndi nyumba, kumene utsi sungafike kwa wodwalayo. Matiresi ndi mipando ya thonje yomwe pankagona mphaka kapena galu musailandire, ngakhale mwini nyumba akupatseni mwaulere.

Chachitatu, wazani madzi pang'ono pa zitosi ndi ndowe kuti zisafuke, kenaka muzipale ndi khasu kapena fosholo. Zimenezi ndi manyowa abwino: zipite kudzenje la kompositi kapena kudimba, kutali ndi khomo.

Chachinayi, denga. Ngati ndi la malata, pukutani mapaso ndi pamwamba pa zipupa ndi nsalu yonyowa. Ngati ndi la udzu wakale, wodzaza mwaye ndi zisa za makoswe, njira yabwino ndi kufolera udzu watsopano, ndipo chilimwe ndiyo nthawi yake. Ena amayala pulasitiki pansi pa udzu, zomwe zimathandizanso kuti zinyalala zisagwere pa bedi.

Chachisanu, makoma. Opaka penti kapena pulasitala atsukeni ndi madzi a sopo, pakuti fumbi la mphaka limamata kumakoma. Adothi amateni ming'alu yonse, kenaka muwapake njereza kapena muwazirenso. Kutero kumakwirira fumbi lakale ndi kutseka mobisala utitiri ndi nkhufi. Njereza imaotcha maso ndi khungu, choncho ana akhale patali. Dziwaninso kuti ngati nyumbayo inapoperedwa posachedwa mankhwala a udzudzu ndi azaumoyo, kupaka kapena kuzira kumaphimba mankhwalawo, ndiye kugona m'neti usiku uliwonse kukhale kosaphonya.

Chachisanu ndi chimodzi, pansi. Pa simenti kolopani ndi sopo kawiri kapena katatu, mukusintha madzi. Ngati mukufuna kuthira javel, yambani mwatsuka ndi sopo ndi kutsukuluza, chifukwa javel akakumana ndi mikodzo yambiri kapena mankhwala ena otsukira amatulutsa mpweya wopweteka m'mapapo. Ngati ndi pozira, palani dothi lapamwamba pomwe pankagona ziweto, litayeni kunja, bweretsani dothi latsopano, tsindirani bwino, kenaka muzire ndi mtsiro. Ndalama zikakhala zochepa moti simungathe kuika simenti nyumba yonse, yambani ndi chipinda chogona wodwalayo.

Pomaliza, siyani nyumbayo yotsegula masana kwa masiku angapo kuti iume ndi kupita mphepo. Musalowe makoma ndi pansi zikadali zonyowa, kuopa chuku. Tsiku lolowa lisanafike, kolopaninso kamodzi.

Izi musachite

Nthata ndi utitiri zikavuta, pamakhala chiyeso chotenga mankhwala a kumunda. Musapopere m'nyumba yogona mankhwala a fodya, a thonje, a tomato kapena a dibi la ng'ombe. Sanapangidwire m'nyumba, amadwalitsa ana, ndipo fungo lake lokha limatha kuutsa mphumu. Oopsa kuposa onse ndi mapiritsi aja ofukizira chimanga m'matumba: amatulutsa mpweya wa poizoni umene wapha anthu ali m'tulo m'mayiko ambiri. Asaikidwe m'nyumba iliyonse momwe mukugona anthu, ngakhale m'chipinda china.

Pothana ndi tizilomboti, kumata ming'alu, kuthira madzi otentha m'makona ndi m'miyendo ya bedi, ndi kuchotsa dothi lakale zimachita zambiri. Ngati pakufunika mankhwala, funsani alangizi a ziweto kapena azaumoyo kuti akuuzeni oyenera m'nyumba, ndipo wodwalayo akagone kwina mpaka fungo litatheratu.

Musafukize matayala, mapulasitiki kapena tsabola pofuna kuthamangitsa tizilombo. Mafuta onunkhiritsa m'nyumba amangobisa fungo la mikodzo. Fumbi lodwalitsa lija limakhala lilipobe.

Mukalowa, tetezani chipinda chogona

Munthu amatha maola ambiri m'chipinda chogona kuposa malo ena onse a m'nyumba. Chipinda chimenechi chikakhala choyera, theka la nkhondo mwapambana.

Wodwalayo apatsidwe chipinda chomwe simunkagona ziweto, chokhala ndi zenera. Agone pa bedi kapena pa thandala lokwera, osati pansi penipeni. Matiresi akutidwe ndi pulasitiki yolimba, pamwamba pake n'kuyala nsalu. Zofunda zichapidwe ndi sopo sabata iliyonse kapena masabata awiri aliwonse ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka kuumiratu. Madzi otentha amaphanso tinthata tosaoneka ta m'fumbi tomwe timakhala m'zogonera. M'chipindamo musasungemo matumba a chimanga, soya, nyemba, fodya kapena feteleza. Kolopani kapena wazani madzi musanasese, wodwalayo ali panja. Kuphika ndi kuotha moto kuchitikire kukhitchini yapadera, ndipo wosuta fodya asutire kunja.

Nanga ziweto zanu zomwe mwabwera nazo? Mlimi sangakhale wopanda ziweto, ndipo nkhaniyi sikunena kuti muzitaye. Ofufuza a ku Germany, Austria ndi Switzerland anapeza kuti ana okulira pa mafamu a ng'ombe sadwala mphumu kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Koma kwa munthu amene thupi lake layamba kale kudana ndi chiweto, kupitiriza kugona nacho sikumuchiza. Chofunika ndi malire: ziweto kukhola, anthu kunyumba. Ngati mukuopa akuba, mangani khola lolimba pafupi pomwe mungamve phokoso, koma lisatsamire khoma la chipinda chogona. Wodwalayo asamasese m'khola, ndipo akagwira chiweto asambe m'manja asanagwire kumaso.

Mphaka ali ndi ntchito yake. Akachoka, makoswe amabwerera, ndipo mikodzo ya makoswe nayo imautsa mphumu. Choncho mphaka akhale kunkhokwe ndi pakhonde, azidyera komweko, osalowa m'nyumba yogona. Tsekani mabowo a m'munsi mwa makoma ndi pansi pa chitseko, vundikirani chakudya, ndipo tcherani misampha.

Musataye mtima ngati sabata yoyamba kusintha kuli kochepa. Nyumba ikamakolopedwa kawirikawiri ndi kupita mphepo, fumbi lakale limanka licheperachepera mwezi ndi mwezi. Njira yodziwira ngati nyumbayo ndiyo gwero la vuto ndi iyi: wodwalayo akagone kwa abale masiku anayi kapena asanu. Akapeza bwino kumeneko, n'kuyambiranso atabwerera, mwapeza poyambira. Kauzeni azaumoyo zimenezi, chifukwa ziwathandiza kudziwa matendawo.

Mankhwala ndi chipatala

Kwa mphuno ndi maso oyabwa, kuchipatala amapereka mapiritsi monga clorfeniramina, cetirizina kapena loratadina. Clorfeniramina, imene kutsidya kwa malire ambiri amaidziwa kuti Piriton, imagonetsa: mukamwa musayendetse njinga yamoto kapena galimoto. Ana aang'ono asapatsidwe popanda malangizo a azaumoyo. Makapisozi monga amoxicilina sachiza alergia, ndiye musataye ndalama kuwagula pamsika.

Kwa mphumu pali mankhwala opopera m'kamwa, amene ambiri amawatcha bombinha. Alipo a mitundu iwiri. Salbutamol amatsegula njira za mpweya pakangopita mphindi zochepa munthu akabanika. Ena, monga beclometasona, amapopedwa tsiku lililonse kuti achepetse kutupa ndi kuteteza kubanika, ngakhale munthu akumva bwino. Mphekesera zoti bombinha imafooketsa mtima kapena kuti ukaiyamba sungaisiyenso zachititsa anthu ambiri kuvutika pachabe. Mankhwalawa amapulumutsa moyo. Madokotala a ku Cape Town anasonyeza mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la 500 ml, lobooledwa kumunsi kuti mulowe bombinha, limathandiza ana kukoka mankhwalawa bwino mofanana ndi chipangizo chogula. Pemphani azaumoyo akuonetseni kapangidwe ndi kagwiritsidwe kake.

Munthu wa mphumu asasamuke mankhwala atamuthera. Tsiku losamuka mankhwalawo akhale m'thumba la chovala, osati pansi pa katundu m'ngolo. Mukafika kumalo atsopano, dziwiranitu komwe kuli chipatala chapafupi, APE wa m'deralo, ndi munthu wa njinga yamoto amene mungamudzutse usiku. Ngati salbutamol akufunika masiku ambiri pa sabata, kapena kubanika kukumudzutsa usiku, ndiye kuti mphumuyo sinagonje: bwererani kuchipatala akaonenso mankhwala.

Musanene kuti chifuwa chilichonse ndi cha fumbi la ziweto. Kukhosomola kopitirira masabata awiri, makamaka kukabwera ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena magazi m'makhololo, kumafunika kuyezetsa chifuwa chachikulu cha TB, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Kutentha thupi kulikonse kumafunika kuyezetsa malungo.

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

– munthu akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu;
– milomo, lilime kapena zikhadabo zasintha mtundu, zayamba kuda kapena kutuwa;
– mwana akupuma mothamanga, m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati, kapena akulephera kuyamwa ndi kumwa;
– wapopera salbutamol koma sizikusintha;
– milomo, lilime kapena nkhope zatupa mwadzidzidzi;
– wafooka kwambiri, akusinza kapena wasokonezeka.

Panjira akhale tsonga, musamugoneke chagada, ndipo apitirize kupopera salbutamol monga anamulangizira kuchipatala.

Ngati zonse zalephereka

Nthawi zina banja limachita zonse, kupala dothi, kupaka njereza, kufolera udzu watsopano, koma patapita miyezi iwiri kapena itatu mwana akubanikabe usiku uliwonse ngakhale akulandira mankhwala. Zikatero, khalani pansi ndi azaumoyo komanso akuluakulu a banja. Mwina yankho ndi kumanga kachipinda katsopano pambali, kusinthana nyumba ndi m'bale, kapena kufuna ya lendi ina. Ndalama za lendi zimapezekanso ulimi wa chaka chamawa, koma mapapo a mwana alibe osinthira.

Kwa eni nyumba, pempho ndi lakuti muzinena zoona wofuna nyumba akafunsa za ziweto, ndipo mumupatse mpata woikonza. Kwa amene mukukonzekera kusamuka chilimwe chino, werengerani sabata imodzi kapena awiri a ntchito imeneyi musanamange katundu, ndipo wa mphumu akhale womaliza kulowa m'nyumbamo.